Zida zopangira FPGA ya chitetezo cha nyukiliya: kodi zimene zatuluka n'zimene munalemba?

FPGA ndi chipu chimene injiniya amakonza yekha seketi yake ya mkati polemba code. Mu FPGA imene imathimitsa reactor ya nyukiliya zinthu zikafika poipa mulibe code ya VHDL kapena Verilog (zilankhulo zolongosolera seketi, zotchedwa HDL) imene injiniya analemba. Muli bitstream, mndandanda wautali wa ziro ndi wani umene munthu sangauwerenge. Kuti code ifike pokhala bitstream imadutsa m'mapulogalamu angapo: wa synthesis umene umasandutsa code kukhala netlist (mndandanda wa tizigawo ndi mawaya ake) ya ma LUT (timatebulo ta logic) ndi ma flip-flop (tizigawo tosunga bit imodzi), wa place and route umene umasankha malo a chinthu chilichonse pachipu ndi njira za mawaya, wowerengera nthawi, wopanga bitstream, kenako wolowetsa bitstream m'chipu. Kawirikawiri onsewa ndi mapulogalamu amalonda, opangidwira msika wa matelefoni, magalimoto ndi ma data centre. Code yawo ndi chinsinsi cha eni ake, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene unalembedwa motsatira malamulo a nyukiliya.

Anthu amakonda FPGA pa ntchito yoteteza reactor chifukwa ilibe operating system, ilibe ma interrupt, ndipo ntchito iliyonse imayenda panjira yakeyake osadikira inzake. Ku siteshoni ya nyukiliya ya Wolf Creek ku Kansas, NRC (bungwe loyang'anira za nyukiliya ku America) inavomereza mu 2009 makina a FPGA otseka mavalavu a nthunzi ndi a madzi opita ku steam generator. Kampani ya Radiy ya ku Ukraine yaika makina otere m'masiteshoni a kwawo ndi ku Kozloduy ku Bulgaria, ndipo HIPS, makina a chitetezo amene kampani ya ma reactor ya NuScale inasankha, nawo ndi a FPGA. Koma mawu akuti "muno mulibe software" ndi oona theka chabe. Software yachoka m'kabati yapita pakompyuta ya wopanga, ndipo cholakwa chake chimalowa m'chipu kamodzi n'kukhalamo zaka 40. Choipa kwambiri n'chakuti chimalowa m'ma channel onse 4 (njira zinayi zoteteza reactor zochita ntchito imodzi) mofanana, chifukwa onse anapangidwa ndi chida chimodzi. Kuvota kwa 2 mwa 4, kumene reactor imathimitsidwa ma channel awiri akagwirizana, kumateteza waya akaduka kapena chipu chimodzi chikapsa. Ma channel onse akalakwa chimodzimodzi, mavoti amangogwirizana pa bodza.

Malamulo amadziwa zimenezi. IEC 61226 imagawa ntchito za chitetezo m'magulu A, B ndi C, ndipo IEC 62566 ya mu 2012 imalongosola kapangidwe ka zipu zolembedwa ndi HDL za gulu A, pomwe gawo lake lachiwiri la mu 2020 ndi la B ndi C. Ku America, IEEE 7-4.3.2 imapereka njira ziwiri: mutsimikize chida chenichenicho kuti chimagwira ntchito bwino, kapena muchigwiritse ntchito mwa njira yoti cholakwa chake chigwidwe ndi mayeso ena. Kagawidwe ka IEC 61508 n'kothandiza poganiza, ngakhale si lamulo la nyukiliya. T1 ndi chida chimene sichikhudza chotuluka, monga editor. T2 ndi choyesera, chimene sichingalowetse cholakwa koma chingachibise. T3 ndi chimene chimapanga chinthu cholowa m'chipu. Synthesis, place and route ndi wopanga bitstream onse ndi T3.

Kwa zida za T3 njira yoyamba ija, yotsimikiza chida chenichenicho, kwenikweni n'njotseka. Simungaunike code imene simunapatsidwe, ndipo ngakhale mutapatsidwa, kukula kwake sikungalole. Satifiketi imene ogulitsa ena amapereka ili ndi phindu lake, imasonyeza kuti kampaniyo imalemba ndi kutsata zolakwa zake mwadongosolo, koma sinena kanthu za design yanu, ndi ma option amene mwasankha, pa chipu chimene mwagula. Mawu akuti "anthu ambirimbiri amachigwiritsa ntchito" nawonso ndi ofooka, chifukwa ambiriwo akakumana ndi vuto amangosintha code mpaka igwire, osauza aliyense.

Kuti zida zimalakwa si mphekesera. Mu 2020 Yann Herklotz ndi John Wickerson a ku Imperial College London anafalitsa zotsatira za Verismith, pulogalamu yopanga Verilog yachisawawa koma yolondola, n'kuipereka ku zida za synthesis ndi kufananiza netlist ndi code. Anapeza kuti Yosys, Vivado ndi XST nthawi zina zinkatulutsa netlist yosiyana ndi zimene zinalembedwa, popanda chenjezo lililonse, ndipo anapereka malipoti a zolakwa 11. A nyukiliya anali atakumana kale ndi funso lomweli kumbali ya software. Pa siteshoni ya Sizewell B ku Britain, imene inayamba ntchito mu 1995, sanakhulupirire compiler ya chilankhulo cha PL/M-86: anatenga zimene zinali mu PROM (memory yosungira pulogalamu) n'kuzifananiza ndi source code kuti aone ngati n'zofanana. Maganizo amenewo ndiwo akugwirabe ntchito lero. Chida muchisiye chikhale chokayikitsa, koma chilichonse chimene chatulutsa chiunikidwe ndi china chosadalira icho.

Zolakwa zambiri si bug

Bug ya chida imachitika mwa apo ndi apo. Chimene chimavutitsa tsiku ndi tsiku ndi chida chimene chachita ndendende zimene chinapangidwira, zomwe si zimene wa chitetezo amafuna.

Tengani state machine, seketi yoyenda kuchoka pa sitepe (state) ina kupita pa ina, ya ma state 5. Mukaiika mu binary imafuna ma flip-flop 3, kutanthauza mitundu 8, ndipo 3 mwa iyo ndi yosaloledwa. Injiniya wosamala amalemba "when others" kuti ikagwera m'malo osaloledwa ipite ku state yothimitsa reactor. Synthesis imaona kuti mwa masamu palibe njira yofikira kumeneko, ndiye imachotsa logic yonseyo. Kawirikawiri imasinthanso kalembedwe kukhala one-hot, flip-flop imodzi pa state iliyonse: ma flip-flop 5, mitundu 32, ndipo 27 ndi yosaloledwa, yopanda njira yobwerera. Neutron yochokera mumlengalenga ikatembenuza flip-flop imodzi, makinawo angaime pamenepo mpaka wina awazimitse ndi kuwayatsanso, ndipo kunja kwa kabati sikungaoneke kanthu. Simulation ya RTL, code imene injiniya analemba, idzakuonetsani kuti amabwerera bwinobwino, popeza mu RTL mzere uja ulipo. Mankhwala ake ndi kuika attribute ya "safe" imene chidacho chimamva, kapena kuzimitsa kuzindikira kwa state machine n'kulemba encoding ndi manja. Koma attribute ndi pempho chabe. Umboni ndi kutenga netlist, kukakamiza ma flip-flop alowe mu mtundu uliwonse wosaloledwa, 27 yonseyo ngati ndi one-hot, ndi kuona kuti uliwonse ukutuluka m'ma clock ochepa amene munalonjeza.

N'chimodzimodzi ndi TMR, pamene register imodzi yaikidwa katatu ndi voter pambuyo pake. Kwa synthesis ma register atatu olandira chinthu chimodzi ndi kuwononga malo, ndiye imawaphatikiza kukhala imodzi, voter n'kusanduka waya. Ma attribute monga syn_preserve kapena DONT_TOUCH amaletsa zimenezi, koma amasiyana pa chida chilichonse, ndipo imene synthesis yamvera ingathe kunyalanyazidwa ndi optimisation ya place and route. Werengani ma flip-flop mu lipoti lomaliza. Ngati munalemba ma register a 16-bit katatu, muyenera kupeza 48, ndipo mukapeza 16 musapitirire.

Palinso mipata pakati pa mmene simulator imamvera code ndi mmene synthesis imaimvera. Sensitivity list (mndandanda wa ma signal odzutsa gawo la code) yoperewera: simulator imaitsata, synthesis imainyalanyaza. Ma pragma (malangizo opita ku chida) a full_case ndi parallel_case mu Verilog ali m'ma comment, kotero simulator siwaona pomwe synthesis imawamvera. Code ya pakati pa translate_off ndi translate_on imayesedwa koma simangidwa. "if" yopanda "else" mu logic yopanda clock imabala latch, kosungira bit kamene simunakafune. Mtengo wa X, umene simulator imauona ngati "sizikudziwika", synthesis imauona ngati "chita zimene ufuna". Initial value ya signal imagwira pa zipu zina ndipo pa zina ayi, ndiye reset yolembedwa poyera ndiyo yodalirika. Zonsezi zimaletsedwa ndi malamulo a kalembedwe ndi lint (pulogalamu younika code), ndipo chenjezo lililonse la mu log liyenera kukhala ndi yankho lolembedwa. Log ya machenjezo 3,000 siwerengedwa ndi aliyense, n'chifukwa chake ntchito yowachepetsa ndi mbali ya kutsimikiza, si ukhondo wamba.

Equivalence checking ndi malire ake

Chida champhamvu kwambiri pa synthesis ndi equivalence checker, monga Formality ya Synopsys, Conformal ya Cadence, kapena ya OneSpin imene tsopano ili m'manja mwa Siemens. Imagawa design pa ma register ndi ma port, kulumikiza register iliyonse ya mu RTL ndi inzake ya mu netlist, kenako kutsimikiza mwa masamu kuti logic ya pakati ndi yofanana pa input iliyonse yotheka. Ichitidwe kawiri: RTL ndi netlist ya synthesis, kenako netlist imeneyo ndi yotuluka mu place and route, chifukwa kumeneko nako logic imabwerezedwa, kusinthidwa ndi kuikidwa ma buffer.

Mawu akuti "PASS" pamapeto pa lipoti ali ndi tanthauzo lochepa mpaka muone zimene sizinafananizidwe. Yambani ndi mndandanda wa ma point (ma register ndi ma port aja) opanda mnzake. Register imene yasowa chifukwa ndi constant yeniyeni palibe vuto, koma yosowa chifukwa inali mkono wachitatu wa TMR ndi vuto lalikulu, ndipo checker ingathe kuivomereza chifukwa mwa logic n'zofanana. Apa ndi pofunika kumvetsa bwino: checker imayankha funso la kufanana pamene zonse zili bwino, sikuti imaona ngati chitetezo cha pa ngozi chatsala. Ma state osaloledwa aja nawo imawaona ngati "don't care" mukapanda kuiuza mwina.

Kenako ma black box. Zigawo zopangidwa kale monga RAM, PLL, DSP block ndi IP yotsekedwa nthawi zambiri zimaikidwa m'bokosi, checker n'kungoona mawaya olowa ndi otuluka. Ngati parameter ya RAM yasintha, mwachitsanzo zimene imatulutsa mukawerenga ndi kulemba adiresi imodzi pa clock imodzi, palibe chidzaoneke. Chilichonse chili m'bokosi chimafuna mayeso akeake. Ma point amene checker yagonja nawo, makamaka pa multiplier zazikulu, si opambana. Agaweni kapena sinthani design. Retiming, imene imasuntha ma register kudutsa logic, imaphwanya kulumikiza kwa ma point ndipo imafuna sequential checking yovuta kwambiri. Pa seketi yoteteza reactor, imene imapatsidwa ma millisecond kuti iyankhe pomwe clock imathamanga pa ma megahertz, retiming siipindulitsa kanthu. Izimitseni.

Pali msampha wina wosaoneka msanga. Kuti ma point alumikizike, zida zina za synthesis zimalemba fayilo youza checker zimene zasintha. Ngati checker ikhulupirira fayiloyo osaitsimikiza, wolakwa ndiye akuchitira umboni mlandu wake. Chimodzimodzi ngati zida ziwirizo zimagwiritsa ntchito parser (gawo lowerenga code) imodzi ya VHDL: zonse zidzamva molakwa mzere umodzi n'kugwirizana. Makampani ambiri opanga zida zimenezi (EDA) amagula parser kwa wogulitsa mmodzi, kotero mayina awiri osiyana pa bokosi si umboni woti zida n'zosiyana. Funsani. Library ya ma cell imene checker imawerenga nayo imachokera kwa wopanga chipu, ndipo ndi chinthu china chimene mukungochikhulupirira.

Nanga checker yokhayo, ndi simulator, ndi chida cha coverage? Izi ndi T2, ndipo njira yozitsimikizira ndi yosavuta: zipatseni chinthu cholakwika muone ngati zikuwa. Tengani netlist yabwino, sinthani bit imodzi m'tebulo la LUT, sinthanitsani mawaya awiri, tembenuzani reset, chotsani flip-flop imodzi ya synchroniser. Yendetsani script yomweyo, ndi ma setting omwewo, amene mumagwiritsa ntchito pa design yeniyeni. Cholakwa chilichonse chimene chadutsa osagwidwa chikuonetsani bowo, ndipo kawirikawiri bowolo lili mu script, mwina inafananiza fayilo yakale, mwina constraint ina yatseka theka la design. Testbench, code yoyesera design mu simulation, nayo ichitidwe chomwecho posintha RTL mwadala. Coverage ya 100% imangonena kuti mzere uliwonse unayendetsedwa, sinena kuti panali woyang'ana zotsatira zake.

Nthawi ndi ma clock

Equivalence checker sidziwa za nthawi. Imeneyo ndi ntchito ya static timing analysis (STA), imene imawerenga kuchedwa kwa njira iliyonse n'kuyerekeza ndi ma constraint a mu fayilo ya SDC. Chida chimenechi chimayesa zimene mwachiuza basi. Clock imene simunaitchule, kapena input yopanda delay, siyesedwa, ndipo lipoti limatuluka loyera. Lipoti la njira zopanda constraint likhale lopanda kanthu, ndipo false path (njira imene mwauza chida kuti chisaiyese) ndi multicycle path (imene mwaipatsa ma clock angapo) iliyonse ikhale ndi chifukwa cholembedwa chimene munthu wina waunika. Wildcard imodzi yotambalala mu set_false_path ingafafanize njira mazana, choncho onani mndandanda wa zimene yagwira, osati mzere wokhawo.

Setup (signal kufika clock isanagunde) iyesedwe pa corner yochedwa, pamene chipu chikuyenda mochedwetsetsa, ndipo hold (signal kusasintha clock itangogunda) pa yofulumira, pa kutentha ndi voteji zimene kabati idzakumane nazo pa ngozi, pamene mpweya wozizira wasiya. Simulation ya netlist yokhala ndi nthawi za mu fayilo ya SDF ndi yochedwa kuyenda, koma imagwira zimene STA siiona: kutuluka mu reset, ndi false path imene inali yoona. Dziwani kuti manambala a SDF ndi a STA amachokera ku model imodzi ya wopanga chipu. Kusiyana kwenikweni kumabwera ndi kuyeza pa hardware m'chipinda chotenthetsa ndi kuziziritsa, komanso kusiya mpata waukulu pakati pa clock yanu ndi malire a chipu.

Signal yodutsa pakati pa ma clock awiri, kapena yochokera kunja, imafuna synchroniser, ma flip-flop awiri kapena atatu otsatizana, oikidwa moyandikana. MTBF (nthawi yapakati pa kulephera kumodzi ndi kwina) ya metastability, pamene flip-flop yalendewera pakati pa 0 ndi 1, imakwera mwa exponential ndi nthawi imene flip-flop yoyamba yapatsidwa kuti ikhazikike, kotero placer ikaika yachiwiri kutali, nanosecond imodzi yotayika ingadule MTBF kwambiri. Bus isadutse ndi synchroniser pa bit iliyonse payokha; pamafunika handshake, Gray code kapena FIFO. Design ya clock imodzi imachotsa gawo lalikulu la nkhaniyi, ndipo pa chitetezo ndiyo yoyenera kuyambira.

Mpata wa bitstream

Kuchoka pa netlist yomaliza kufika pa bitstream, checker zija sizifikako, chifukwa tanthauzo la ma bit ndi chinsinsi cha wopanga. Ngakhale netlist yomalizayo inalembedwa ndi chida chomwecho cha place and route, kunena zimene chikuti chachita. Readback ndi "verify" ya programmer zimangotsimikiza kuti fayilo yalowa m'chipu bwino, sizinena kuti fayiloyo ndi yolondola. Apa mboni yaikulu ndi chipu chenicheni pa benchi.

N'chifukwa chake kukula kwa design kumalamula zonse. Voter ya 2 mwa 4 ili ndi mitundu 16 ya input, 11 yothimitsa ndi 5 yosathimitsa. Mukawonjezera bypass pa channel iliyonse ndi 256, ntchito ya kanthawi kochepa. Koma chinthu cholandira manambala awiri a 32-bit chili ndi mitundu 2 kuchulukitsa yokha ka 64, ndipo ngakhale mutayesa biliyoni imodzi pa sekondi mungathe zaka zoposa 580. Toshiba inayankha vutoli pomanga logic ya makina ake oyezera ma neutron ndi tizigawo tating'ono toti tingayesedwe pa input iliyonse, pa FPGA za antifuse zosalembedwanso. ALS, makina a FPGA a ku Wolf Creek aja, anatenga njira ina: ma core awiri ochita ntchito imodzi m'chipu, opangidwa ndi synthesis yosankhidwa mosiyana, zotsatira zake n'kumafananizidwa makina akuyenda. HIPS imagwiritsa ntchito mitundu yosiyana ya FPGA m'magulu osiyana a ma channel, zomwe zimabweretsanso zida zosiyana zopangira. Kusiyanitsa kotere kuli ndi mtengo wake, ntchito yotsimikiza imawirikiza ndipo comparator imakhala chinthu china choti chilakwe, koma pa mpata wa bitstream ndi chimodzi mwa zochepa zogwirika.

Pa benchi gwiritsani ntchito ma vector omwewo a mu simulation, mufananize zotuluka clock ndi clock, ndipo kuchokera ku simulation ya netlist muwerenge kuti ndi ma net angati amene ma vector amenewo amawatembenuza mbali zonse ziwiri. Net imene sinatembenuke sinayesedwe. Logic analyser ya mkati mwa chipu ndi yabwino pofufuza vuto, koma kuilowetsa kumasintha placement, ndiye bitstream yoyesedwayo si imene idzapite ku siteshoni. Mayeso ovomerezeka achitike pa bitstream yomaliza, yodziwika ndi hash yake, monga SHA-256, yolembedwa mu lipoti.

Umboni wonsewu ndi wa build imodzi yokha. Sungani version ndi patch ya chida chilichonse, ma option onse, seed ya placer, library za chipu, operating system ndi chiwerengero cha ma thread, chifukwa pa zida zina chimasintha zotsatira. Build iyende ndi script yokha, popanda kudina mu GUI. Mangani kawiri pa makompyuta awiri oyera mufananize ma bitstream, mutachotsa header ya tsiku ndi nthawi. Akasiyana, pali input imene simukuilamulira. Errata (mndandanda wa zolakwa zodziwika) za wopanga ziwerengedwe pa chiyambi komanso nthawi ndi nthawi makina ali pa ntchito, popeza bug yolengezedwa patapita zaka 5 ikhoza kukhala kale m'chipu chanu, ndipo funso ndi lakuti design yanu ili ndi kalembedwe kamene kamaidzutsa kapena ayi. Virtual machine yosungidwa imathandiza, koma ambiri amaiwala licence: chida cha zaka 20 chimene sichipeza licence server sichiyenda, kotero pangano ndi wogulitsa lichitike pogula. Ndipo setpoint (nambala ya malire othimitsira) imodzi ikasinthidwa mu RTL, place and route ingathe kusuntha chipu chonse, equivalence, timing ndi benchi n'kuyambiranso. Manambala amene adzasinthe pa moyo wa siteshoni ndi bwino akhale mu memory yapadera yotetezedwa ndi CRC (nambala yoonera ngati data yawonongeka), yoyesedwa malire ake powerenga, kuti bitstream isakhudzidwe.